EMR, MPP, AES, Apple Pencil ndi USI: cholembera chiti chigwira pa sikirini yanu?

Cholembera cha Surface sichilemba pa Galaxy Tab, ndipo S Pen ya Samsung sigwira pa iPad. Kampani iliyonse ili ndi njira yake yolumikizira cholembera ndi sikirini, yotetezedwa ndi mapatenti omwe amakhala zaka 20 kuchokera pomwe pempho linaperekedwa. Mikangano yake inayamba kalekale. Mu 1997 Xerox inasumira eni ake a Palm, kampani ya timakompyuta ta m'manja, chifukwa cha Graffiti, kalembedwe ka zilembo pa sikirini ya timakompyutato. Mu 2003 Palm inasintha kalembedweko, anthu n'kuyambanso kuphunzira kulemba zilembo, ndipo mlandu unatha mu 2006 Palm itavomera kulipira madola 22.5 miliyoni. Ndiye musanagule, funsani kaye njira yomwe chipangizo chanu chimamva.

EMR, njira yogwiritsa ntchito maginito ya kampani ya Wacom, ndiyo timaikonda pojambula. Pansi pa sikirini pamakhala ukonde wa timawaya totumiza mphamvu ya maginito. Koyilo ya m'cholembera imatola mphamvuyo n'kubweza chizindikiro, choncho cholembera sichifuna batire kuti chilembe, n'chopepuka, ndipo chimamva ngakhale mutangokhudza pang'ono. Ndi yomwe ili mu S Pen kuyambira pa Galaxy Note ya 2011, komanso m'matabuleti olembapo manotsi a reMarkable 1 ndi 2 ndi Kindle Scribe. Samsung inagula magawo 5 pa 100 a Wacom mu 2013. Zovuta za EMR ndi ziwiri. M'mphepete mwa sikirini mzere umatuluka pambali pang'ono pa nsonga. Komanso maginito a pa kava amasokoneza ukondewo: mukaona mzere ukuduka pamalo amodzimodzi nthawi zonse, chotsani kava musanaganize kuti sikirini yafa. Mapatenti oyambirira a Wacom anatha, n'chifukwa chake Huion ndi XP-Pen nawonso ali ndi zolembera zopanda batire, ngakhale sizibwerekana ndi za Wacom.

MPP ndi njira ya Microsoft yomwe ili mu Surface, yochokera ku luso la kampani ya N-trig lomwe Microsoft inagula mu 2015, Surface Pro 3 itasiya kale Wacom mu 2014. AES ndi njira ina ya Wacom, yopezeka m'malaputopu ambiri a Lenovo ndi Dell. Zonse ziwiri zimagwiritsa ntchito gawo lomwelo lomwe limamva chala, motero chipangizo chimakhala chopyapyala, koma cholembera chimafuna mphamvu, kawirikawiri batire ya AAAA kapena yotchaja. Nsonga imalondola bwino mpaka m'makona. Chofooka chimaoneka mukajambula mzere wopendekeka pang'onopang'ono ndi rula: umatuluka wonjenjemera, makamaka pa zipangizo zakale. Polemba manotsi simungadandaule. Amene ali ndi zipangizo za mitundu yonse iwiri angagule cholembera cha Wacom chotchedwa Bamboo Ink, chomwe chimasintha pakati pa AES ndi MPP mukasindikiza mabatani awiri a m'mbali limodzi kwa masekondi awiri.

Apple Pencil, yomwe inatuluka mu 2015, imalemba bwino kwambiri, koma khomo lake ndi lotseka. Imagwira pa iPad yokha, ndipo mtundu uliwonse uli ndi ma iPad ake. Chenjerani ndi ya USB-C ya 2023: siimva kuti mwasindikiza molimba kapena mopepuka. Logitech Crayon, yomwe ili ndi chilolezo cha Apple, nayonso siimva.

USI ndi njira yomwe makampani angapo anagwirizana; inakhazikitsidwa mu 2015 kuti cholembera chimodzi chizigwira pa zipangizo za makampani osiyanasiyana, ndipo ndi yomwe ili pa ma Chromebook ambiri. Cholingacho timachiyamikira, koma zolembera za USI 1.0 sizigwira pa masikirini ena omwe amafuna USI 2.0, monga pa Lenovo Chromebook Duet 3. Onani nambalayo pa bokosi la cholembera, muifananitse ndi yomwe yalembedwa pa tsamba la wopanga chipangizo chanu.