Thanki yapakhomo, makina a m'galimoto kapena zigubu: madzi otsukira mawindo tiziwasunga pati?

Amene mumatsuka mawindo ndi ndodo yaitali ya burashi kunsonga, madzi akukwera m'kapayipi, mukudziwa kuti ntchito yonseyi yagona pa madzi. Galasi sitilipukuta. Timalitsukuluza n'kulisiya kuti liume lokha, ndipo limauma lopanda mawanga pokhapokha ngati madziwo alibe mchere. Madzi a pampopi amaoneka oyera m'kapu, koma muli calcium, magnesium ndi zina zosungunuka zomwe zimatsalira pagalasi ngati timadontho toyera madzi akauma. Kachipangizo koyezera TDS, kutanthauza kuchuluka kwa mchere wosungunuka m'madzi, ndi kamene kamatiuza zoona: tikufuna kaziwerenga 000, ndipo kakapitirira 010 mawanga amayamba kuoneka dzuwa likawomba pagalasi.

Anzathu oyamba kumene amathamangira kufunsa za sefa. Ine ndimati funso lalikulu ndi ili: madzi osefedwawo agona kuti, ndipo m'mawa alowa bwanji m'galimoto? Apa ndi pamene nthawi imatayika tsiku ndi tsiku.

Njira yoyamba ndi ya zigubu za malita 25. Mumadzaza kunyumba, n'kumakweza chimodzichimodzi pa kangolo kokhala ndi pampu ndi batire. Ndi yotchipa, imalowa m'galimoto iliyonse, ndipo kangoloko kamafika kuseri kwa nyumba kumene payipi yochokera kumsewu siingafike. Koma lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Zigubu khumi ndi makilogalamu 250 oti muwanyamule pokweza, muwanyamulenso potsitsa, ntchito yeniyeni musanaigwire n'komwe. Burashi ikamatulutsa malita awiri pa mphindi, chigubu chimatha m'mphindi 12 kapena 13. Kwa munthu wa nyumba zochepa pa tsiku n'zokwanira, ndipo sindinyoza aliyense woyambira pamenepa. Makasitomala akachuluka, msana ndi umene umayamba kudandaula.

Mpikisano weniweni uli pakati pa njira ziwiri zotsalazi: kuika makina onse osefera m'galimoto, kapena kusefera madzi pakhomo m'thanki yaikulu n'kumangowasamutsa.

Makina a m'galimoto amakopa chifukwa zonse zili pamodzi. Madzulo mumalumikiza payipi ya pampopi ku galimoto, madzi amadutsa m'masefa n'kulowa m'thanki ya m'galimotomo, thankiyo ikadzaza valavu yoyandama imatseka yokha. Palibe pampu yosamutsira, palibe thanki ina. Kwa munthu wopanda galaja kapena bwalo, mwina njira ndi yokhayi. Vuto lake n'lakuti galimoto imakhala yomangika pa mpopi maola ambiri. Makina osefera otchedwa RO (reverse osmosis) amakankha madzi kudutsa pa membrane, sefa yopyapyala yomwe imatsekereza mchere, ndipo sachita changu: ang'onoang'ono amangodontheza, thanki ya malita 400 imatha kutenga usiku wonse osadzaza. Ngakhale membrane yaikulu ya 4040, ya mainchi 4 m'mimba mwake ndi mainchi 40 m'litali, imafuna mphamvu yokwanira ya mpopi. Mphamvu ikachepa, madzi amatuluka ochepa komanso osayera bwino, mpaka muwonjezere pampu yolimbikitsira. Madzi ozizira amachedwetsanso zinthu. Ndiye madzi akakutherani masana, tsiku lathera pomwepo. Onjezaninso kuti masefawo amadya malo, amalemera, ndipo RO imataya madzi ambiri otsala ndi mchere omwe ayenera kupeza kolowera pamene mwaimika galimotopo. Kanthu kakangodontha usiku, mumapeza pansi pa galimoto panyowa, dzimbiri n'kuyamba.

Pali ena amene amachotsa RO yonse n'kungoika botolo la resin (timikanda togwira mchere wa m'madzi), lija timati DI, madzi a pampopi n'kumayera akudutsa. Izi zimayenda kumene madzi a pampopi ali ndi mchere wochepa. Kumene TDS ili 300, resin imatha ngati moto wa mapesi. Werengani nokha: RO yabwino imachotsa pafupifupi 95 mpaka 98 pa 100 iliyonse ya mcherewo, kotero madzi a 300 amafika pa resin ali cha m'ma 10, ndipo resin yomweyo imakhalitsa pafupifupi ka 30 kuposa ikanalandira madzi osadutsa mu RO. Musanagule chilichonse, yezani madzi a pampopi panu.

Ine ndili kumbali ya thanki yapakhomo, ndipo ndinena chifukwa chake. Makina amagwira ntchito inu muli kutali. Asefe mwaulesi kapena mwachangu zilibe kanthu, chifukwa ali ndi usana ndi usiku wonse. Mukabwerako masana thanki ya m'galimoto itauma, mumadzazanso n'kubwerera. Ambiri timagwiritsa ntchito IBC, thanki ya pulasitiki ya malita 1,000 yokhala m'khola la zitsulo, yoima pa phaleti ya mamita 1.2 ndi mita imodzi. Ikadzaza imaposa tani, choncho pansi pake pakhale simenti yolimba ndi yosalala, osati matabwa ongosanjika. Ngati mukugula yogwiritsidwapo kale ntchito, funsitsani zomwe zinkasungidwamo. Yomwe munali mankhwala kapena mafuta isiyeni, ngakhale aitsuke chotani. Madzi opanda mchere amakoka zotsalira m'pulasitiki, ndipo mudzaona TDS ikukwera osadziwa kumene zikuchokera. Chinanso ndi dzuwa. IBC yoyera imalowetsa kuwala ndipo ndere zimamera, kenaka n'kutseka masefa a pampu. Gulani yakuda, kapena ikutireni bwino ndi chinthu chosalowa kuwala, chivindikiro chikhale chotseka kuti fumbi lisalowe.

Kagwiritsidwe ka resin pa thankiyi kamagawa anthu pawiri. Ena amaika DI madzi asanalowe mu IBC, ena amasunga madzi a RO okha n'kuwadutsitsa mu resin pomaliza, akupita ku ndodo. Njira yachiwiriyi ili ndi ubwino wakuti chilichonse chomwe madzi atola m'thanki chimagwidwa pomaliza. Musayese kuika DI pa payipi yosamutsira: madzi othamanga kwambiri sapeza mpata wokhudzana ndi resin, ndipo botolo limachedwetsa kudzazako.

Tsopano kusamutsa, komwe anthu amaumira ndalama molakwika.

Kutsitsa madzi popanda pampu kumamveka kwanzeru: kwezani thanki pamwamba, tsegulani valavu, madzi atsike okha. Palibe magetsi, palibe choti chiwonongeke. Koma mita iliyonse ya kutalika imangopereka mphamvu pafupifupi 0.1 bar, ndipo pakamwa pa thanki ya m'galimoto pali kale pamwamba. Thanki ikamachepa madzi, nawonso amayenda mofooka. Ndipo nsanja yosenza tani ya madzi pamwamba pa mitu ya anthu si yomanga mongoyerekeza. Njirayi imakoma kwa amene bwalo lake ndi lotsetsereka, galimoto n'kuima kumunsi, atalumikiza payipi yaikulu pa valavu ya mainchi awiri ya IBC.

Pampu yomira m'madzi ndi imene ndimaikonda. Mumaiponya m'thanki, siifuna kuithira madzi kuti iyambe kukoka, siisokosa, ndipo madzi omwewo amaiziziritsa. Chenjezo ndi limodzi lomwe ogulitsa saliuza anthu: pakamwa pa IBC zambiri ndi pa mamilimita 150, zina 225, ndipo mapampu ambiri salowa pa 150, makamaka okhala ndi kachoyandama kozimitsira m'mbali. Yezani musanagule. Ena amadula pamwamba pa thanki kuti pampu ilowe. Zikatero tsekani pamenepo bwino, chifukwa mwatsegulira fumbi ndi kuwala. Pampu yakunja, yolumikiza pa valavu yapansi, imapewa vuto limeneli ndipo kuikonza n'kosavuta popeza ili poonekera, koma imapsa msanga ikazungulira madzi atatha, komanso polumikiza paliponse pamatha kudontha kapena kukoka mpweya. Iliyonse mwa ziwirizi ikhale ya pulasitiki kapena chitsulo chosachita dzimbiri, chifukwa madzi opanda mchere amadya kopa ndi zitsulo wamba pang'onopang'ono. Popeza magetsi ndi madzi zili pamodzi, pulagi yake idutse pa chotetezera chija chimazimitsa magetsi chikangomva kuti akuthawira kwina.

Kapampu ka mavoti 12 kokankhira madzi ku ndodo, monga ka Shurflo ka 100 psi, musakapatse ntchito imeneyi. Kamatulutsa malita asanu okha pa mphindi. Malita 400 ndi mphindi 80.

Ndipo pampu yabwino imapanda ntchito ngati payipi ili yopapatiza. Ndinaphunzira izi nditalumikiza pampu yamphamvu ku payipi yothirira maluwa ya theka la inchi, n'kumaima pafupi ndi galimoto m'mawa uliwonse ndikudabwa kuti bwanji sikudzaza. Nditasintha n'kuika ya inchi imodzi, yaifupi, yosapindika, ntchito yomweyo inatha tiyi asanazizire. Payipi ikakula kawiri m'mimba mwake, mpata wodutsa madzi umakula kanayi. Pa malita 10 pa mphindi, thanki ya 400 imatenga mphindi 40. Pa malita 60, sizikwana mphindi 7. Kunsonga ikaniko mfuti yonga ya pothirira mafuta a galimoto kapena valavu ya chogwirira, kuti muzitsekera pomwepo osathamangira ku switchi. Mukazimitsa pampu, tulutsani payipi m'thanki, apo ayi madzi amatha kubwerera kapena kupitiriza kutsika okha malinga ndi thanki yomwe ili pamwamba.

Thanki ya m'galimoto ndiye pamene sindilola kunyengerera. IBC musaiike m'galimoto. Mkati mwake mulibe makoma otchinga madzi, ndipo ikakhala theka, makilogalamu 500 amathamangira kutsogolo mukaponda mabuleki, n'kukankha galimoto pamene inu mukufuna iime. Gulani thanki yokhala ndi zotchinga mkati, imangidwe pa felemu yachitsulo yolowa mabawuti mpaka pansi pa galimoto, osati malamba okoleka pa tizitsulo tomangira katundu wopepuka. Yogona pansi imathandiza galimoto kukhazikika pokhota. Yoimirira imasiya malo ndipo pampu imakoka mpaka madzi otsiriza. Kukula kwake kusachokere pa chikhumbo chanu koma pa kulemera konse komwe galimoto imaloledwa kufika itanyamula katundu, komwe kwalembedwa pa kachitsulo kake: chotsanipo kulemera kwa galimotoyo, inuyo, mnzanu, mafuta, makwerero, batire ndi felemu, zotsalazo ndiwo malita anu. Munthu mmodzi wotsuka nyumba za anthu nthawi zambiri malita 350 mpaka 400 amamufikitsa madzulo, ndipo ngati IBC ili yodzaza kunyumba, tsiku lotanganidwa amangobwerako kamodzi masana.