Mailman ndi mutu wa DMARC: kabatani kamodzi kanandipulumutsa

Bambo anga ali m'gulu la aphunzitsi opuma pantchito, ndipo poti ine ndi "wa makompyuta" m'banjamo, makalata a gululo anandisenzetsa ine. Ndimagwiritsa ntchito Mailman: munthu alemba imelo imodzi, pulogalamuyo igawira onse. Ndi yaulere, ndipo ikakhazikika siikusowetsa tulo.

Tulo ndinasowa kamodzi, ndipo cholakwa chinali changa. Mayi wina wachikulire anandiimbira: "Mwana wanga, ndalakwanji kuti mundichotse m'gulu?" Sindinawachotse. Nditafufuza ndinapeza kuti gwero lake ndi DMARC, njira imene kampani ya imelo imauzira maseva ena chochita ndi makalata onamizira adiresi yake. Mu Epulo 2014 Yahoo inaika lamulo la p=reject, AOL n'kutsatira mwezi womwewo: kalata yodzitcha ya adiresi yawo koma yopanda chidindo chotsimikizika ikanidwe. Tsono Mailman imawonjezera dzina la gulu pamutu wa kalata ndi timawu kumunsi, chidindo chija, siginecha ya DKIM, n'kusweka. SPF, yoona ngati seva yotumiza ndi yololedwa, nayo siithandiza, poti kalatayo yatulukira pa seva yathu, ndiye seva ya wolandira imaikana. Makalata akamabwerera, pulogalamu imaganiza kuti adiresi ya wolandirayo ndiyo yafa, n'kumuimitsa. Wolemba ali phee, wolangidwa ndi mayi amene sanalembe kanthu.

Mankhwala analipo kale, ineyo ndi amene sindinawatsegule. Kuyambira Mailman 2.1.18 muli kabatani kotchedwa dmarc_moderation_action. Ndinasankha Munge From: kalata imaoneka ngati yachokera kwa "Uje via dzina la gulu", adiresi yeniyeni n'kupita ku Reply-To, ndipo izi zimachitika kwa okhawo amene domeni yawo (mbali ya adiresi yotsatira @) ili ndi lamulo lokhwimalo. Njira inayo, Wrap Message, ndinaiyesa tsiku limodzi basi. Kalata m'kati mwa kalata, pafoni ya bambo inaoneka ngati katundu womata, iwo osaitsegula n'komwe.

Pali akatswiri amene amati si ntchito ya Mailman imeneyi, woyatsa moto, Yahoo ndi anzake, azimitse yekha, ndipo kusintha mzere wa From, wosonyeza wotumiza, n'kunama. Ndikuwamva. N'zonyansa ndithu: wina akasunga dzina la mnzake m'foni amasunga adiresi ya gulu, mawa nkhani ya ngongole n'kufika kwa onse. Koma makampani akuluakulu sabwerera m'mbuyo. Mu Febuluwale 2024 Google ndi Yahoo anakhwimitsanso malamulo kwa otumiza makalata ambiri. Ndikadikira kuti mlandu wa mwini moto uweruzidwe, achikulire a m'gulu aja akhala osamva za maliro a anzawo.

Mailman 3 ili ndi ARC, njira yaukhondo imene seva ya gulu imachitira umboni kuti kalata inafika ndi chidindo chabwino, koma imadalira kuti wolandira akhulupirire seva yako, ndipo kaseva kathu ndani akukadziwa? Kusamukira ku 3 sikungapewedwe, poti Mailman 2 yomwe ndili nayo imadalira Python 2, chilankhulo cha mapulogalamu chomwe chinasiyidwa mu 2020. Postorius ndi HyperKitty, zida za Mailman 3 zoyendetsera gulu ndi kusungira makalata, zikundidikira pa tchuthi cha Disembala, ndipo mayi aja ndawauza kale kuti akasowanso makalata andiimbire tsiku lomwelo.