Kukatenga galimoto ku Blantyre kubwera nayo ku Mzuzu: kutuma dalaivala kapena kupita wekha?

Ndagulapo galimoto ku Blantyre kawiri, pomwe ndimakhala ku Mzuzu. Yoyamba ndinatuma dalaivala, yachiwiri ndinakaitenga ndekha.

Wina afunsa kuti bwanji osangogula konkuno. Zilipo, koma ndi zochepa. Ku Blantyre ndi ku Limbe ma Vitz, ma Sienta ndi ma Probox ali mbwee, ukhoza kuona zisanu tsiku limodzi n'kunenerera mtengo modzikhulupirira. Ya konkuno ubwino wake ndi woti wogulitsa umadziwa pamene amakhala, ikavuta mawa umakagogoda pakhomo.

Kutuma dalaivala kumaoneka kotchipa. Sujomba kuntchito, sulipira pogona, umangomupatsa ya mafuta, yolipira pa mageti a Chingeni ndi Kalinyeke, ndi yake. Ndinachita zimenezo ndi Sienta yomwe ndinangoiona pa zithunzi za pa WhatsApp. Mnyamatayo ananyamuka Lachisanu m'mamawa, anafika Loweruka usiku. Nditatsegula chitseko chakumbuyo linandilandira ndi fungo la usipa, ndipo pansi pa mpando panali kansapato ka mwana. Mkuluyu anadzera kunyanja, akuchita matola njira yonse. Sindikunena kuti madalaivala onse ndi otero ayi, koma kumupatsa munthu galimoto ya mipando 7 yopanda kanthu, pa ulendo wa makilomita oposa 600, ndi kumuika m'mayesero. Fungolo linatha titatsuka. Chimene chinandisowetsa tulo ndi choti ikanachita ngozi ili ndi anthu olipira, a inshuwalansi akanakana kulipira, poti galimoto ya munthu wamba siloledwa kuchita matola. Komanso mwezi usanathe ndinagula matayala awiri omwe pazithunzi paja ankawala ngati atsopano.

Kupita wekha kumadya ndalama, ndisakunamizeni: basi, pogona, ndi makaniko. Ine ndinatenga makaniko wanga wa kuno osati wa kumeneko, chifukwa amene wakupezera wogulitsa amadziwa kumene kukuchokera nsima yake. Anangofika n'kugona pansi pa galimoto, kenako anati tibwerenso m'mawa injini isanalizidwe. Injini yozizira siibisa matenda.

Phindu lenileni la kupita wekha lili pa mapepala. Umaona ndi maso ako ngati dzina la pa blue book (chikalata cha umwini wa galimoto) likufanana ndi la pa chiphaso cha amene akukugulitsayo, ngati nambala ya chassis ndi yomweyo, ngati COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) ndi inshuwalansi sizinathe. Kusintha umwini ku Road Traffic kumafuna wogulitsa, ndiye malizani zonse muli naye pomwepo. Ofesi ya Road Traffic ku Mzuzu iliko, koma munthu woti walandira kale ndalama zake sungamukoke kuchoka ku Blantyre. Pa Sienta ija ndinamuimbira foni miyezi itatu, iye akungoti "bwana, sabata ya mawa".

Tsopano njira. Ya kunyanja, yodzera ku Salima, Nkhotakota, Dwangwa ndi Nkhata Bay, zitunda ndi zochepa, koma ndi yotentha, milatho ina ndi yopapatiza, ndipo nthawi ya dzinja madzi amatha kuidula. Kwa galimoto yomwe sunaidziwe khalidwe ndimasankha M1. Ukadutsa Zalewa uli ndi Ntcheu, Dedza, Lilongwe, Kasungu, konseko umapeza galaja, ndipo Lilongwe ali pafupifupi pakati pa ulendo. Zitunda zake zimakuuzanso zoona. Ife tikukwera cha ku Dedza muvi wa kutentha kwa injini unayamba kukwera pang'onopang'ono. Makaniko anati, "Achimwene, imani pambali." Chinali chivundikiro cha radiyeta chabe, tinasintha. Dalaivala wothamangira matola sindikhulupirira kuti akanaima.

Musalowe m'Chikangawa kukuda. Chifunga cha kumeneko, makamaka mu Juni ndi Julayi, chimabisa ngakhale lole ya matabwa ili patsogolo pako, ndipo magetsi a galimoto yachilendo sunawayese. Ife tinagona ku Kasungu, tinadutsa pa Jenda dzuwa litatuluka, nkhomaliro tinakadyera kunyumba.