Ndinkalipira K450 pamwezi kuti ndizione kompyuta ya kushopu ndili kunyumba, nazi zimene ndapeza

Ndili ndi kashopu ka stationery ndi printing ku Kamwala koma ndimakhala ku Chilenje, ndiye amene mumadutsa Chilimbulu Road m'mawa mukudziwa kale kuti mtunda ndi waufupi koma nthawi imathera mu minibasi. Chaka chatha amayi anabwera kuchokera ku Katete akudwala, miyendo yotupa, osatha kuyenda okha, ndiye masiku ambiri ndinkakhala pakhomo ndipo kushopu kumatsala mtsikana wanga wantchito, mwana wabwino wokhulupirika koma akakumana ndi CV yosokonekera kapena khadi la ukwati lofuna kukonza mu Word amangoima, kenako foni, anti bwerani kasitomala akudikira. Apa mpamene mnzanga wina wogulitsa nsalu anandilozera kakampani ka anyamata awiri mu town, dzina sinditchula, amene amaika pulogalamu yoti uziona sikirini ya kompyuta ina uli kutali.

Ndiyambe ndi zabwino chifukwa zilipo ndithu. Anati 10 hours ndipo 10 hours anafikadi, anaika pulogalamu pa kompyuta ya kushopu ndi pa laputopu yanga, anakonzanso printa imene inkameza mapepala osandiuza kuti ndiwonjezere ndalama. Tsiku loyamba ndinakhala pa mpando pafupi ndi bedi la amayi, ndagwira mausi, kushopu kamuvi kakuyenda kokha pa sikirini, mtsikana uja anaimba foni akuseka kuti anti kompyuta yanu ikulemba yokha. Koma tsiku limene ndinaona phindu lenileni linali la mapepala a pulogalamu ya maliro, abale anabwera madzulo shopu ili pafupi kutsekedwa, maliro mawa m'mawa ku Leopards Hill, dzina la malemu linalembedwa molakwika malo atatu ndipo chithunzi chinakwera pamwamba pa nyimbo, ine ndili ku Chilenje ndikuwapatsa amayi phala ndi dzanja limodzi ndinakonza zonse, ndinadina print, ndinamva pa foni printa ikuyamba kulira ku Kamwala, makope 150. Anthu aja anapita ndi mapepala awo usiku womwewo. Pa zimenezi sindingawanyoze anyamatawo.

Vuto linabwera nditaona kuti K450 mwezi ndi mwezi ikundilemera, renti yakwera, malaiti akapita bizinesi imaima koma bilu yawo siyiima. Ndinamuuza wamkuluyo mwaulemu kuti achimwene ndikufuna ndisiye kaye, ndamva kuti ziliko zina zaulere. Yankho lake ndi limene landilembetsa zonsezi. Anati amayi, technology imeneyi ndi patented, ndi yathu, mukaika pulogalamu ina yochita zomwezi mwaphwanya lamulo ndipo nkhani ikhoza kufika kukhoti. Ine mawu akuti khoti amandiopsa, ndili ndi odwala pakhomo, ndinalipiranso miyezi itatu mtima ukuwawa.

Anandimasula ndi mwana wa mlongo wanga amene akuphunzira za makompyuta ku UNZA. Anabwera kudzaona agogo ake Loweruka, ndinamufotokozera, anangoti anti ndipatseni laputopuyo. Sipanathe mphindi khumi, watsegula foda imene pulogalamu ija inakhala, wandionetsa mafayilo okhala ndi zilembo vnc m'maina ake, ndi kafayilo kena ka laisensi yotchedwa GPL. Anati anti ichi ndi VNC chabe, angochiveka malaya ena ndi kuikapo logo yawo. Kenako anandikhazika pansi ngati ine ndine mwana wasukulu ndipo ndinamvetsera bwino chifukwa ndalama zanga zinali mmenemo.

VNC inapangidwa ku Cambridge ku England mu labu ya Olivetti & Oracle Research Lab, anthu ngati Tristan Richardson ndi Andy Harter, ndipo mu 1998 anaitulutsa poyera kuti aliyense atenge, aone mmene inalembedwera, asinthe mmene afunira. Labuyo inagulidwa ndi AT&T mu 1999 nkutsekedwa mu 2002, ndiye ena mwa anthu omwewo anatsegula RealVNC. Kagwiridwe kake nkosavuta kumva ngakhale kwa ine, kompyuta ya kushopu imatumiza tizidutswa ta chithunzi cha sikirini, tokhato timene tasintha, ndipo laputopu yanga imabweza zimene ndadina pa kiyibodi ndi kumene ndasunthira mausi, basi. Malamulo a kalankhulidwe kameneka amatchedwa RFB ndipo analembedwa poyera ngati RFC 6143 mu 2011, aliyense akhoza kuwerenga pa intaneti. Ndipo VNC siinali yoyamba ayi, m'ma 1980 kunali kale pcAnywhere ndi Carbon Copy zimene anthu ankalumikiza kudzera pa waya wa foni, Microsoft nayo inali ndi RDP yake mu 1998 ndipo Windows XP Professional ya 2001 inabwera ndi Remote Desktop mkati momwemo. TeamViewer ya ku Germany ndi ya 2005, AnyDesk ya 2014. Ndiye mnyamata wa mu town angandiuze bwanji kuti kuona sikirini uli kutali anayambitsa ndi iye?

Zonsezi mwana uja anati zimatchedwa prior art, kutanthauza chilichonse chimene chinali kale poyera munthu asanapereke pempho lake la patenti, kaya ndi pulogalamu, buku, pepala la ku yunivesite kapena patenti yakale ya dziko lina lililonse. Ngati chinthu chinalipo kale sungachitenge nkunena kuti nchako, zili ngati munthu kupita kwa amfumu kukalembetsa munda umene mudzi wonse ukudziwa kuti agogo a ena ankalima kalekale. Chinanso chimene sindinkadziwa nchakuti patenti imatha, zaka 20 kuchokera tsiku lopereka pempho, ndiye ngakhale wina akanalembetsa mu 1998, pofika 2018 zinatha. Komanso imagwira m'dziko limene inaperekedwa, ya ku America siyingandimange ine ku Kamwala. Kuno kwathu imadutsa ku PACRA pansi pa Patents Act ya 2016, kapena ku ARIPO ku Harare, ofesi ya mapatenti ya mayiko angapo a mu Africa, munthu akasankha kuti Zambia ikhalemo, ndipo ndinadabwa kumva kuti ARIPO yomweyo inabadwa ndi pangano limene linasainidwa muno mu Lusaka mu 1976.

Pamene ndinakhalitsa ndi pa nkhani ya ma claim, chifukwa ndinamufunsa kuti nanga makampani akuluakulu aja alibe mapatenti? Anati ali nawo ambiri, koma patenti siiteteza mutu wankhani, imateteza ziganizo za manambala zimene zimakhala kumapeto kwa chikalatacho, claim 1, claim 2, kumapita choncho, ndipo kuti akugwire kuti waba uyenera kukhala ukuchita zonse zimene zalembedwa mu claim imodzi, chikasowapo chimodzi sunalowe m'munda mwake. Ndiye munthu akhoza kukhala ndi patenti ya kanjira kake katsopano kofinyira chithunzi kuti chidye bandulo yochepa, kapena kopezera kompyuta imene adilesi yake ikusinthasintha, koma osati ya kuona sikirini konse. Anandipatsa chitsanzo cha kampani ya ku Canada, 01 Communique, imene inasumira LogMeIn, kampani ya pulogalamu yoonera kompyuta uli kutali, ku America pa patenti ya seva ya pakati yolumikiza makompyuta awiri, ndipo mu 2013 khoti linapeza kuti LogMeIn sinaphwanye. Amenewo anali ndi patenti yeniyeni ya nambala yake ndi maloya, koma mlandu unatengera zimene zalembedwa mu claim.

Lolemba ndinaimba foni, ndinati achimwene ndithandizeni nambala ya patenti yanu ija ndi ofesi imene inakupatsani. Anayamba kuti ili pending, kenako kuti ili ndi mapatinala awo kunja, kenako netiweki inavuta. Tinasaka dzina la kampani yawo pa Google Patents ndi pa Espacenet, zonse ndi zaulere, sitinapeze kanthu. Nambala mpaka lero sinabwere.

Ndisawanamizire, kugulitsa VNC si kuba, GPL imalola munthu kulipiritsa bola apereke laisensiyo ndi khodi yake kwa amene wagula, ndipo akanandiuza kuti amayi pulogalamuyi ndi yaulere koma mukulipira ntchito yathu yoika, seva yathu yolumikizira ndi kubwera zikavuta, ndikanavomera ndi mtima umodzi mwina pa mtengo wotsikirako, chifukwa ntchito ya manja awo ndi yabwino zedi. Chimene chinandipweteka ndi kundiopseza ndi khoti ine mzimayi amene ndikusamala odwala, podziwa kuti mawu akuti patenti sindiwadziwa. Pa ntchito ndikuwapatsa 4 pa 5, pa chilungamo 1.

Manje ndikugwiritsa Chrome Remote Desktop imene mwana uja anandiikira madzulo omwewo, yaulere, imafuna akaunti ya Google ndi PIN chabe, ndipo kwa Word ndi printing yanga ikukwanira. Anachotsa pulogalamu yakale ija yonse chifukwa anyamatawo anali ndi pasiwedi yolowera pa kompyuta ya kushopu nthawi ina iliyonse, mmene muli ma CV ndi makope a ma NRC a makasitomala, ndipo anandiuzanso kuti VNC yachikale imawerenga zilembo 8 zoyamba zokha za pasiwedi ngakhale ulembe zambiri bwanji, ndiye isamasiyidwe yotsegula pa intaneti. Wina akakuimbirani foni kuti ikani pulogalamu yotere tikuthandizeni za mobile money, dulani foniyo, amaona zonse zimene mukulemba. K450 ija mwezi uno yapita ku mankhwala a amayi ndi katoni imodzi ya mapepala a A4.