Lilongwe–Washington pa Ethiopian Airlines: kupita n'kotalika kuposa kubwerera

Ndikamapita ku Maryland, pafupi ndi Washington ku America, kukaona mwana wanga ndimakwera Ethiopian Airlines, ndipo amene andifunsa ndimawauza kuti akwere yomweyo. Koma adziwiretu kuti maola opita ndi obwerera safanana, ngakhale mtunda ndi womwewo.

Kuchoka pa Kamuzu International Airport ku Lumbadzi kukafika pa Bole ku Addis Ababa ndi makilomita pafupifupi 2,600, maola ngati 4 ndege ikapanda kuima pena. Pamenepa palibe nkhani: kudya, kuwodzera pang'ono, mwatera madzulo. Wotchi muikankhe ola limodzi kutsogolo. Nthawi imeneyo pa Bole pamakhala piringupiringu, chifukwa ndege zochokera m'maiko ambiri a mu Africa zimafikira pamodzi, choncho osamangoyendayenda m'mashopu musanaone chipata chanu.

Chintchito chili pa Addis kupita ku Washington Dulles, makilomita opitirira 11,000. Bole ili pamalo okwera kwambiri, mamita oposa 2,300 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa kumeneko ndi wopepuka. Ndege itasenza anthu, katundu ndi mafuta okwanira ulendo wonse, singanyamuke pamalo otere. Ndiye imanyamuka ndi mafuta ocheperako n'kukatera ku Ulaya kukathira ena. Ife tinaima ku Rome kusanache. Simutsika ayi. Mumangokhala m'mipando momwemo, magetsi ali ngwee, ena akuwongola miyendo m'kanjira, ana akulira. Bambo wina amene ndinakhala naye pafupi anatsitsa chikwama poganiza kuti tafika, mtsikana wogwira ntchito m'ndege n'kuwabweza mwaulemu, kuwapatsanso madzi. Pa ulemu pokha anthu amenewa ndimawayamikira.

Kuphatikiza kuimako, kuchoka ku Addis kukafika ku Dulles kumatenga maola pafupifupi 17. Pobwerera ku Addis ndi maola ngati 13 basi, osaima paliponse, chifukwa Dulles ili pamalo otsika, ndege imanyamuka itakhuta mafuta, komanso mphepo yamphamvu ya m'mwamba, yomwe imawomba kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa, imakhala ikuikankha kumbuyo. Tikiti imasokoneza anthu pamenepa: imalemba nthawi ya komwe mukutera, ndipo Washington ili kumbuyo kwa Malawi ndi maola 6, kapena 7 kumeneko kukamazizira. Ukawerengera pa tikiti pokha umaganiza kuti ulendo ndi waufupi.

Chakudya ndi chabwinobwino, nkhuku ndi mpunga kapena pasita, ndipo khofi wawo ngwokoma. Chondikoka kwenikweni ndi katundu: masutikesi awiri a makilogalamu 23 lililonse, moti mpunga wa Kilombero, tiyi wa Chombe ndi mabotolo a Nali zonse zimakwana, ndipo katunduyo umakamuona ku Dulles komweko.

Inu a msinkhu wanga, pemphani mpando wa kukanjira, ndipo valani nsapato zomasuka. Mapazi amatupa.