Kupimidwa khansa ndili pa dayalisisi: achipatala ndawapatsa nyenyezi zinayi, yachisanu ndawamana dala

Chino ndi chaka changa chachisanu ndi chimodzi pa dayalisisi (kutsukidwa magazi ndi makina impso zikasiya kugwira ntchito), katatu pa sabata, maola anayi ulendo uliwonse. Adokotala a impso atati ndingathe kulembedwa pa mndandanda wa odikira impso ina, anati tiyambe taona kaye ngati ndilibe khansa. Anzanga a pa makina akhala akundifunsa mmene zinayendera, ndiye ndayankha onse pamodzi pano.

Adokotalawo sanangonditambasulira pepala n'kundilozera khomo. Anakoka mpando. Anandiuza kuti wolandira impso amamwa mankhwala ofooketsa chitetezo cha m'thupi, monga tacrolimus, kwa nthawi yonse imene impsoyo ikugwira ntchito, kuti thupi lisaikane. Chitetezo chikafooka, khansa imene inabisala imapeza mpata. N'chifukwa chake olandira impso amadwala khansa kawiri kapena katatu kuposa anthu ena, makamaka ya pakhungu, Kaposi sarcoma, lymphoma, ndi ya khomo la chiberekero imene imayamba ndi kachilombo ka HPV. "Amayi," anatero, "ngati pali chobisala, tichipeze panopa mankhwalawo musanayambe."

Za khomo la chiberekero zinatha msanga, panalibe vuto. Chithunzi cha mabere ndicho chinandisowetsa tulo masiku atatu, chifukwa chinaonetsa timadontho toyera. Kenako zinapezeka kuti ndi kashiamu womata m'mitsempha ya magazi, zimene zimachitika kawirikawiri kwa ife odwala impso. Akanandichenjeza ndisanajambulidwe, bwenzi nditagona.

Sikani ya pamimba inandiphunzitsa chimene sindinkachidziwa zaka zonsezi. Impso zanga zobadwa nazo ndinali nditaziiwala, poti ngakhale mkodzo ndinasiya kalekale. Koma zili momwemo, ndipo zadzaza timatumba ta madzi. Munthu akakhalitsa pa dayalisisi timatumba timeneti timachuluka, ndipo khansa ya impso imakonda kumera m'impso zoterezi. Zanga zinalibe khansa, koma azizionanso.

Nyenyezi yachisanu inagwera pa matumbo. Anandipatsa kabotolo koikamo chimbudzi pang'ono, ndipo anapezamo magazi. Anesi a ku dayalisisi anandikhazika mtima pansi: heparin amene amatiikira kuti magazi asaundane m'makina, komanso timitsempha tosachedwa kuchucha m'matumbo mwa odwala impso, zimachititsa kuti kuyezaku kuonetse magazi ngakhale khansa palibe. Komabe panafunika kulowetsa kakamera m'matumbo. Mbali yochita zimenezi inandipatsa tsiku la dayalisisi lenilenilo, ndipo mankhwala otsuka m'mimba amene anandilembera anali a sodium phosphate. Ine amene ndimamwa mapilitsi otsitsa phosphate pa chakudya chilichonse, poti impso zodwala zimalephera kuichotsa m'magazi! Mwamwayi ndinawaonetsa anesi athu aja. Anangogwira pakamwa, n'kuimba foni pompo, ndipo anandisinthira a polyethylene glycol. Zipinda ziwiri za nyumba imodzi, koma ngati sizilankhulana. Kakamerako kanapeza kachotupa kamodzi kakang'ono, anakadula, sikanali khansa.

Palinso china chimene poyamba chinandiwawa. Abambo ena a zaka 78 amene makina awo ali pafupi ndi anga, amenenso mtima wawo ndi wofooka, anafunsa kuti nanga iwo bwanji sakupimidwa. Adokotala anawayankha mwaulemu, osawanamiza: kupima munthu wopanda zizindikiro kumapindulitsa patapita zaka zambiri, pamene kutsuka m'mimba, kubayidwa ndi mantha zimabwera lero lomwe. Mu 2012 bungwe la akatswiri a impso ku America, American Society of Nephrology, linalangiza zomwezo, kuti odwala a pa dayalisisi amene sakuyembekezeka kukhala zaka zambiri asamapimidwe khansa mwachizolowezi ngati alibe zizindikiro. Ndinaona ngati akuwataya. Nditalawa ndekha usiku wa mankhwala otsuka m'mimba, miyendo ikunjenjemera, ndinamvetsa kuti abambo aja sakanaupirira. Ndipo adokotala anawatsimikizira kuti akaona magazi, chotupa, kapena akayamba kuwonda mosadziwika bwino, afufuza tsiku lomwelo. Abambowo anaseka n'kunena kuti singano ziwiri katatu pa sabata zikuwakwanira.

Zonse zinatenga milungu isanu ndi iwiri, ndipo dzina langa tsopano lili pa mndandanda. Mnzanga wa pa makina, ukapita kukapimidwa, pempha tsiku lopanda dayalisisi, ndipo mankhwala aliwonse amene akupatse kunja kwa chipinda chathu, ngakhale obaya pojambula sikani, uwaonetse kaye anesi a impso asanalowe m'thupi mwako.