Ndemanga: ulendo wa masiku 3 woyendera matchalitchi akale a ku Roma

Kampani imene inakonza ulendowu imaugulitsa zonse pamodzi: galimoto yodzakutengani pabwalo la ndege la Fiumicino, hotela yapafupi ndi siteshoni ya Termini, chakudya cham'mawa, wotsogolera alendo wolankhula Chingerezi, tikiti ya ku Vatican Museums (nyumba zosungiramo zinthu zakale ndi zaluso za ku Vatican), komanso kuyendera matchalitchi anayi akuluakulu a Apapa. Tikiti ya ndege, viza ya Schengen ndi inshuwalansi mumalipira panokha. Ndikuupatsa nyenyezi 4 mwa 5. Wotsogolera amadziwa ntchito yake ndipo hotela njaukhondo, koma tsiku lachiwiri analithinitsa kwambiri, ndiponso pa pepala lawo lotsatsa malonda pali mawu ena osocheretsa.

Mawuwo ndi akuti mudzalowa paliponse osafola. Zimenezi zinachitika ku Vatican Museums kokha, chifukwa tikiti yogulidwiratu imakhala ndi nthawi yake yolowera. Ku San Pietro, tchalitchi cha Petro Woyera, kulowa nkwaulere, koma aliyense amayamba wadutsa pa makina ofufuza katundu m'mphepete mwa bwalo, ndipo gulu lathu linafola ngati wina aliyense. Chinatipulumutsa ndi kulawira. Tchalitchichi amatsegula 7 koloko m'mawa, ndipo nthawi imeneyo mzere umakhala waufupi. Ikamakwana 10 koloko umakhala utazungulira bwalo, dzuwa lili pamutu, mthunzi palibe. Musanalipire, funsani kuti tsiku la ku Vatican likugwera liti. Lachitatu m'mawa Papa amakumana ndi anthu, ndipo msonkhanowo ukachitikira pabwalo alendo salowa m'tchalitchi mpaka utatha. Lamulungu Vatican Museums amatseka, kupatula Lamulungu lomaliza la mwezi pamene kulowa kumakhala kwaulere, koma anthu amachita kupondana.

Pakhomo amabweza anthu chifukwa cha zovala, ndipo sanyengerera. Mapewa ndi mawondo zikhale zobisika, kwa amayi ndi abambo omwe. Kabudula wolekeza pamwamba pa mawondo saloledwa, chipewa abambo amavula. Amayi, ikani chitenje m'chikwama: kunja kukatentha mumayenda mopepuka, mukafika pakhomo mumangofunda kapena kumanga m'chiuno. Mpeni ndi chikwama chachikulu zisiyeni kuhotela.

M'kati mwa San Pietro ndi mmene wotsogolera anaonetsa luso lake. Aliyense amam'patsa kachipangizo ka m'khutu, choncho mumamva zonse ngakhale mutatsalira kumbuyo. Tchalitchichi anayamba kumanga mu 1506 n'kuchidalitsa mu 1626. Mukangolowa, kudzanja lamanja kuli chosema cha Michelangelo chotchedwa Pietà, cha Amayi Maria atanyamula mtembo wa Yesu pamiyendo. Chili kuseri kwa galasi kuyambira pamene munthu wina anachiphwanya ndi hamala mu 1972, ndiye mumachionera chapatali. Pafupi pomwepo pali manda a Papa John Paul II, yemwe anabwera ku Malawi ndi ku Zambia mu Meyi 1989. Pamenepo pali mabenchi a ofuna kupemphera, koma mphindi zimene kampani inapereka nzochepa kwa munthu amene wabwera ndi mtima wa pemphero. M'tchalitchimo mulinso malo olapira okhala ndi zikwangwani zosonyeza zilankhulo zimene wansembe amamva, Chingerezi chili m'gulu lomwelo. Nthawi yolapa kapena ya Misa mulibe m'ndondomeko, muyenera kuipempha nokha usiku wake.

Kukwera pamwamba pa denga lozungulira la tchalitchichi mumalipira padera. Masitepe onse alipo 551. Mukalipira chikepe mumatsala ndi 320, ndipo otsalawo ndiwo ovuta. Njira imapanikiza mpaka kungokwana munthu mmodzi, khoma limapendekeka moti mumayenda chopendama, kumapeto masitepe amazungulira ngati nkhono mutagwira chingwe. Njira yokwerera si yotsikira, ndiye mukayamba kubwerera nkovuta. Wodwala mtima, mawondo kapena mphumu angolekeza pamene chikepe chimathera, chifukwa ngakhale pamenepo amatha kuona m'kati mwa tchalitchi ali m'mwamba.

Tsiku lachiwiri ndilo linasokonekera, ndipo chifukwa chake nchodziwikiratu. M'mawa wonse unathera ku Vatican Museums mpaka ku Sistine Chapel, tchalitchi chaching'ono cha Apapa, kumene Michelangelo anajambula denga pakati pa 1508 ndi 1512. Kumeneko kujambula zithunzi nkoletsedwa, ndipo alonda amangokhalira kukumbutsa anthu kuti akhale chete. Potuluka dzuwa linali litafika paliwombo, ndiye kampani inaika matchalitchi ang'onoang'ono a pakati pa mzinda nthawi yomweyo. Ambiri mwa amenewa amatseka masana nthawi ya nkhomaliro, n'kudzatsegulanso chakumadzulo. Ku San Luigi dei Francesi, kumene kuli zithunzi zitatu za Mateyu Woyera zojambulidwa ndi Caravaggio, gulu linapeza chitseko chotseka, ndipo kudikirako kunadya nthawi ya malo ena. Mukalowa, zithunzizo zili pakona yamdima kumanzere chakutsogolo, ndipo magetsi ake amayaka mukaponya ndalama yachitsulo m'kabokosi. Khalani ndi makobidi m'thumba.

Pantheon ili pafupi pomwepo. Inali kachisi wa Aroma akale, idasanduka tchalitchi mu 609. Denga lake nlotambalala mamita 43, pakati pali chiboo chosatseka, mvula ikagwa imalowa n'kutsikira m'timabowo ta pansi. Kuyambira Julayi 2023 alendo amalipira polowa, ndipo tikitiyi sinali m'gulu la zolipiridwa kale.

Chimene chinandiwawa kwambiri ndi San Clemente, amene anam'siyira theka la ola lomaliza. Malo amenewa ndi nyumba zitatu zosanjikizana. Pamwamba pali tchalitchi cha m'zaka za m'ma 1100. Mukatsika masitepe mumalowa m'tchalitchi cha m'zaka za m'ma 300, zithunzi zakale zikadaonekabe pamakoma. Mukatsikanso mumafika m'zipinda za nthawi ya Aroma, muli kachisi wa mulungu wawo Mithras, ndipo mumamva madzi akuyenda pansi pa nthaka. Pansipo pamazizira, pamanunkha chinyontho, pena pamaterera. Pamafunika ola lathunthu ndi tikiti yakeyake. Colosseum, bwalo lamasewera la Aroma akale, ili mphindi zochepa kuchokera pamenepo, koma pa ulendowu mumangoionera kunja. Kukonza tsiku limeneli nkosavuta: matchalitchi ang'onoang'ono aziyenderedwa m'mawa, tikiti ya ku Vatican Museums ikhale ya masana.

Tsiku lachitatu linayenda bwino kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Santa Maria Maggiore ili mphindi pafupifupi 10 wapansi kuchokera ku Termini. Inamangidwa m'nthawi ya Papa Sixtus III, pakati pa 432 ndi 440, ndipo zina mwa zithunzi zake zopangidwa ndi timiyala tamitundumitundu nza nthawi yomweyo, koma zili m'mwamba kwambiri moti wamaso ofooka sazionetsetsa. Papa Francis anaikidwa m'tchalitchi chimenechi pa 26 Epulo 2025, ndipo pamanda ake pamakhala mzere, choncho kuyambira pamenepa m'mamawa kunali kuganiza bwino. Kuchoka apo mumatsata msewu wa Via Merulana pafupifupi mphindi 20 mpaka ku San Giovanni in Laterano. Ambiri sadziwa kuti mpando wa Papa monga episkopi wa Roma uli kuno, osati ku San Pietro. Tsidya lina la msewu kuli Scala Santa, masitepe 28 okutidwa ndi matabwa amene anthu amakwera chogwada. Amatenga nthawi chifukwa wakutsogolo akaima kupemphera nonse mumaima. Osatha kugwada ali ndi masitepe ena m'mbali.

Ku San Paolo fuori le Mura, tchalitchi cha Paulo Woyera, mumapita pa sitima yapansi pa nthaka: mzere A kuchokera ku San Giovanni kubwerera ku Termini, kenaka mzere B mpaka siteshoni ya Basilica San Paolo. Tchalitchi chakale chinapsa mu Julayi 1823, chimene chilipo anachidalitsa mu 1854. Pansi pa guwa pali manda a Mtumwi Paulo, ndipo m'mwamba mozungulira makoma muli nkhope za Apapa onse kuyambira Petro. Kuno kulibe phokoso, mipando ilipo, munthu amapuma n'kupemphera mosathamangitsidwa. Mwa matchalitchi anayiwo, ichi ndicho ndingabwerereko choyamba.

Tikiti ya basi muziidinda m'makina mukangokwera, apo ayi oyendera akakupezani amakulipiritsani chindapusa ngakhale munagula. Imagwira ntchito mphindi 100. Pa basi nambala 64 yopita ku Vatican komanso pa Termini pali opisa m'matumba, ndiye chikwama chikhale kutsogolo, pasipoti musaiike m'thumba la kumbuyo. Madzi musagule: m'misewu muli mipope yachitsulo yotchedwa nasoni imene imatuluka madzi abwino usana ndi usiku, mumangotunga m'botolo. Hotela imalipiritsa msonkho wa mzinda pa munthu aliyense usiku uliwonse, ndipo kampani sinanene zimenezi poyamba. Misewu yambiri ya pakati pa mzinda njoyalidwa miyala yakuda yosalingana, yoterera mvula ikagwa. Valani nsapato zafulati zimene munazizolowera kale, chifukwa zatsopano zimatulutsa matuza tsiku loyamba lisanathe.